Mbale ya Phingo Yolandirira Amayi

Fungo la mtengo wa phingo ukamapalidwa ndi limene limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Makwinja. Ndi fungo lotsekemera pang'ono, ngati la uchi umene wayandikira moto, ndipo kwathu ku Lirangwe linkasakanikirana ndi utsi wa fodya wa chingambwe ndi fungo la lamba wachikopa wonyowa ndi thukuta. Ndimawaonabe atakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe, m'mawa dzuwa lisanakwiye, malaya atawakoloweka pa mpanda, utuchi wakuda ukuwagwera m'ndevu zoyera mpaka kuoneka ngati abwerera ku unyamata. Ine nditakhala pansi chapambali, mapazi nditatsamiritsa pa nsanamira, ndikukoka lamba uja dzanja ili kenako ili, chipika chikuzungulira ndi kulira kwake koonda, nkhuku zikupalasa m'tizibanthu ngati muli chakudya.

Agogo ankapala mbale za mtengo. Makina awo anali nsanamira ziwiri zokumbira pansi, iliyonse ili ndi msomali wake wosongoka, ndipo pakati pake ankapanikizapo chipika chokhomeredwa ku mpini. Lamba ankakulungidwa ku mpiniwo. Ntchito yake inali ya anthu awiri: wina akoke lamba kuti chipika chizungulire, wina agwire tchizulo. Luso limeneli analitenga ku Beira ali mnyamata, kwa mmwenye wina wopala miyendo ya mipando, ndipo matchizulo awo ankasula okha kuchokera ku matupa akutha. Mbale zikakwana, malume anga a Fulaye, amene ankanyamula katundu pa bwalo la ndege ku Chileka, ankabwera pa njinga kudzazitenga n'kukazisiya kwa anthu ogulitsa ziboliboli kwa alendo.

Wokoka lamba ndinali ine, Edina, chifukwa pakhomopo panalibenso mwana wina. Bambo anga anali kalaliki pa bwalo la ndege lomwelo. Wina anakawanenera kuti alankhula zosayenera, ndipo masiku amenewo a chipani chimodzi mawu ochepa ankakwana kusowetsa munthu. Anathawira ku Zambia owatenga asanafike. Amayi anawatsatira patapita miyezi, ine ndili wamng'ono woti sindikanatha ulendo wozemba, ndipo anandisiya m'manja mwa makolo awo. Dzina la bambo silinkatchulidwa pabwalo. Munthu akafunsa za amayi, agogo aakazi, amene tinkawaitana kuti anganga, ankayankha kuti ali ku ntchito kumpoto, n'kuyamba kukamba za mbewu.

Kwa anthu agogo anali ouma pakamwa. Mlendo ankatha kukhala nawo mpaka mthunzi kusuntha, iwo angoyankha kuti “eya” ndi “ndithu”. Koma ndi mitengo ankacheza ngati ndi anzawo a ku ubwana, ndipo ine ankandicheza chimodzimodzi. Ankanditcha “akazanga”, monga amachitira agogo ndi zidzukulu zawo, ndipo anganga akamva ankati, “Mkazi mnzangayo mumudyetse ndinu, ine ndatopa naye,” kwinaku akundipatsira mbatata yootcha.

Mitengo yoyera, yofewa, ankati ndi ya opanga mithiko ndi zipande. Iwo ankafuna yakuda mtima. Mlombwa ankaukonda chifukwa suvuta: ukaukhapa umalira utomoni wofiira ngati magazi, koma pa makina umamvera, ndipo mbale yake imatuluka yofiirira, yamizeremizere. Tsanya, wa masamba onga mapazi a mbuzi, ankati ndi nkhutukumve, wolemera ndiponso wobunthitsa tchizulo. Muwanga ankaulemekeza chapatali. Koma akatchula phingo ankatsitsa mawu.

“Phingo ndi munthu wobisa,” ankatero. “Kunja minga, khungwa lotuwa, thupi lopindikapindika, sungamuyang'ane kawiri. Zake zonse zili m'kati.”

Chipika chilichonse akabwera nacho ankachimata phula ku mapeto onse awiri n'kuchigoneka pansi pa nkhokwe. Chinkagona pamenepo mvula n'kubwera, n'kupita, n'kubweranso. Ankati chipika chachiwisi ukachipala chimakusekerera lero, mawa n'kung'ambika.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditayamba kutalika, madiresi akundithera m'maondo. Lamulungu lina m'chilimwe, titabwera ku tchalitchi, malume anafika opanda thumba lotengera mbale. Analowa m'nyumba ndi makolo awo n'kutseka chitseko masana. Atapita, agogo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakhale pachitsa, anagwada pansi kuti maso athu alingane.

“Akazanga, khutu limodzi lokha limve, linalo lisadziwe. Amako akubwera.”

“Liti?”

“Mvula ikamayamba. Mawu abwera ndi munthu wa lole. Ukauza mnzako ngakhale mmodzi, sabwera.”

Nkhope ya amayi ndinali nditaiwala. Chimene ndinkakumbukira ndi msana wofunda ndi mawu oimba chapansipansi. Ndinafunsa chinthu choyamba chimene chinandibwerera: “Nanga tidzawapatsa chiyani?”

Agogo anayang'ana pansi pa nkhokwe. Panali mlombwa wambiri, tsanya pang'ono, ndi tizipika ta phingo tating'ono ngati mkono wanga, tokwana timbale ta mchere.

“Mwana wanga anachoka pano chopanda kanthu m'manja,” anatero. “Sangalandiridwe ndi mbale ya mlombwa.”

Vuto linali loti phingo wamkulu chapafupi ndi Lirangwe anali atatha kale, ndipo wamuwisi sakanauma mvula isanagwe. Tinkafunika mtengo umene unafa wokha chiimire, n'kuumira pa dzuwa zaka zambiri. Agogo anati mitengo yotere ingapezeke kumunsi kwa Mdeka, potsikira ku Shire, kumene kunali mnzawo wakalekale, a Mbewe, mwini tchire lalikulu la miyala losalimika.

Tinanyamuka m'mamawa ndi njinga, sowo wa anthu awiri titamumangirira kumbuyo, nkhwangwa, chigubu cha madzi ndi chimanga chokazinga. Pa msika wa Lirangwe anyamata ofunsa makadi a chipani anatiimitsa. Agogo anavula chipewa, natulutsa khadi lawo m'menemo, n'kuvalanso. Kupyola Mdeka dziko linasintha. Minda inatha, kunayamba milambe ndi masau, nthaka yotuwa yotentha ku mapazi, udzu utapsa ndi lupsa, ndipo nyenje zinkalira mwamphamvu moti munthu ankamva ngati kulirako kukuchokera m'mutu mwake momwe. A Mbewe anatimwetsa thobwa, namva chimene tadzera, n'kuloza ku chitunda ndi ndodo yawo. “Mukapeza, ndi wanu. Mbuzi zanga sizidya phingo.”

Mtengo woyamba umene tinaupeza unali wamoyo, wokula bwino, ine ndikuti basi tapeza. Agogo anauzungulira, n'kuusema kabala kakang'ono m'munsi. Mnofu woyera wa kunja unali wochindikala, chakuda chikuonekera patali m'kati.

“Uyu akadali mwana. Mtima wake sunakwane n'chibakera chako. Komanso ndi wamuwisi.” Anakanda dothi ndi madzi a m'chigubu, namata pabala paja. “Pepani achimwene, timangofunsa.”

Wachiwiri unali wouma, wopanda tsamba. Anaugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, khutu ataligunditsa ku thunthu, nandiuza kuti nanenso ndimvere. Unkayankha ngati ng'oma.

“Wamva? M'nyumba muli alendo.” Atakanula khungwa munatuluka nyerere zambirimbiri.

Tinayenda chomwecho dzuwa mpaka kufika paliwombo. Wina anaukana chifukwa unamera m'khwawa: ankati phingo wa pamadzi amakula mothamanga, mtima wake n'kutuwa ngati phulusa, pamene wa pamiyala, wovutika, ndiye amada bii. Wina unali ndi mng'alu kuchokera kumwamba mpaka pansi. Wina unapsa ndi moto wa tchire mpaka m'kati. Minga inanding'amba miyendo, madzi a m'chigubu anafunda, ndipo ndege ina itadutsa kumwamba kulowera ku Chileka ndinayamba kuganiza kuti mwina amayi afika kale, akhala pakhonde, akufunsa kuti mwana wanga ali kuti. Misozi inayamba yokha. Agogo ataiona anangondipatsa chipewa chawo, khadi atalisamutsira m'thumba.

Mtengo umene tinatenga unali pamwamba penipeni pa chitunda, utamera pakati pa miyala iwiri. Unali wotuwa ngati fupa, khungwa linayoyoka kale, nthambi zinathyoka, koma thunthu lake manja anga sankakumana pouzungulira. Ataugogoda unayankha mawu afupi, olimba, ngati wagogoda mwala. Anapala pang'ono ndi mpeni, nanyowetsa ndi malovu: panaoneka pakuda ngati usiku wopanda mwezi, pali timizere tofiirira tobisika. Ananunkhiza. Anasema kachibanthu n'kukaponya m'chikho cha madzi, ndipo kanamira nthawi yomweyo.

Chapakati pa thunthulo panali chotupa, ngati chipsera chakale chimene mtengo unachikwirira. Agogo anaikapo dzanja nthawi yaitali. Anayang'ana mitambo yopyapyala imene inkasonkhana chakumadzulo, n'kubwereranso ku chotupa chija.

“Tiyeni, akazanga. Gwirani sowo uko.”

Kudula phingo wouma kuli ngati kudula chitsulo. Sowo ankalira, kutentha, kukana. Agogo ankaima kumunola ndi tupa, n'kuyambanso. Tinagona kwa a Mbewe, ndipo m'mawa mwake tinabwerera chokankha njinga, chipika titachimanga ndi luzi, matayala ataphwatalala ndi kulemera. Anganga atationa tikulowa pakhomo, otuwa ndi fumbi, anati, “Ndimayesa mwakatenga ng'ombe.”

Masiku otsatira anali okoma kuposa onse amene ndimakumbukira. Agogo anasema chipika ndi kasemasema mpaka chinayamba kuoneka ngati dzungu, n'kuchikweza pa makina. Kulemera kwake kunkandikoka mapewa, koma ndinkakoka ndikuimba. Kunja kwa mbale kunatuluka pang'onopang'ono, kosalala, kwakuda, ndipo kukamwa kwake agogo anasiyako kamzere koyera ka mnofu wa kunja, kozungulira ngati mkanda. Utuchi unkatilowa m'mphuno, tikayetsemula n'kumatuluka zakuda, anganga n'kumatithamangitsira ku chitsime tisanakhale pa mphasa yawo.

Ngozi inachitika pogoba m'kati. Ndinkakoka monga mwa masiku onse, ndipo mwadzidzidzi panamveka kulira kwa chitsulo pa chitsulo, lamba anandithawa m'manja, tchizulo inadumpha. Nditayang'ana, agogo anali atagwira dzanja lawo lamanja ndi lamanzere, magazi akutsika m'chigongono. Tchizulo inali itawang'amba kuchokera pakati pa chala chachikulu ndi cholozera mpaka m'chikhatho. Sanakuwe. Anangoti, “Kaitane anganga ako, uwauze abwere ndi nsalu.”

M'kati mwa chipikacho, pansi pa chotupa chija, munali nsonga ya nkhwangwa. Munthu wina, mwina agogo asanabadwe, anayesa kudula mtengowo, nkhwangwa n'kuthyokera momwemo, mtengo n'kuimeza n'kupitiriza kukula.

Mnansi wathu anawatengera kuchipatala pa njinga, anganga akutsatira pambuyo, ndipo anabwerako dzanja litasokedwa, litakulungidwa mabandeji. Madzulo ake ndinawapeza atakhala pachitsa akuyang'ana mbale yosatha ija.

“Chotupa chija ndinachiona,” anatero. “Chinandiuza. Koma ndinali ndi changu, ndinkafuna mwana wanga.” Anaseka pang'ono. “Ukalamba wonsewu, mtengo n'kundiphunzitsabe.”

Kunayamba kutentha kwa mvula, kuja kosagonetsa. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika. Bala linauma, koma zala ziwiri zinatsala zowongoka, zosapindika. Agogo ankakhala pamakina okha, akukolokosa nsonga ija ndi msomali ku dzanja lamanzere, mpaka tsiku lina inatuluka, yakuda, yaing'ono ngati dzino la ng'ombe, n'kusiya dzenje m'mbali mwa mbale.

M'mawa mwake anachotsa mbaleyo pamakina, nakwezapo chipika cha mlombwa. Kenako anakhala pansi, pamalo panga, n'kundilozera chitsa.

“Khala apo.”

Anganga anali akupeta chapafupi. Anaika lichero pansi. “A Makwinja, mwana wamkazi ndi tchizulo? Dzanja limodzi latayika kale pakhomo pano, mukufuna ndi lake lomwe? Nanga anthu akaona ati chiyani?”

“Chitsulo ndachotsa. Anthuwo za banja lino ananena kale zambiri, ichi n'chaching'ono.”

“Mayi ake akadzapeza chala palibe mudzayankha ndinu.”

“Ndidzayankha.”

Mbali imodzi ya lamba anaigwira ndi dzanja lamanzere, inayo anaimanga pa mkono wamanja pamwamba pa bala, n'kuyamba kukoka. Tchizulo inali yolemera, mpini wake wosalala ndi manja awo. Nditangoigunditsa inanjenjemera n'kukumba chibowo.

“Usakankhe. Chipika chimabwera, chimabwerera. Chikamabwera kwa iwe, chilandire. Chikamabwerera, chisiye chipite. Tchizulo igone pa mtanda, chigongono chigwire nthiti.”

Ndinawononga mlombwa wambiri sabata imeneyo. Anganga ankatola zowonongekazo n'kumasonkhera moto, ndipo ankayang'ana zala zanga madzulo aliwonse ngati akuwerenga anapiye. Kenako tsiku lina tchizulo inasiya kulimbana nane, ndipo m'malo mwa utuchi panayamba kutuluka timaliboni titalitali topotana. Agogo anasiya kukoka, natola kamodzi, n'kukayang'ana pa dzuwa. Mawa lake anakweza phingo.

Phingo satulutsa timaliboni ngati mlombwa. Amatuluka pang'onopang'ono, tizidutswa tonyezimira totentha pa khungu. Ndinagoba masiku ambiri, iwo akukoka mpaka lamba kuwasupula mkono. Nthawi ndi nthawi ankaimitsa, n'kupisa dzanja lamanzere m'mbalemo maso atatseka. “Apa patsala phiri. Apa usapitenso, pafika.” Mbaleyo sinatuluke yopyapyala ngati zawo. Inali yochindikala, ndipo m'kati mwake chala chinkamva tizitunda. Dzenje la nkhwangwa analitseka ndi phula losakaniza ndi utuchi wake womwe. Tinaikwecha ndi masamba okhakhala a mkuyu wa kumtsinje, n'kuipaka mafuta a nsatsi, ndipo itauma inkaonetsa nkhope ya munthu ngati madzi a m'chitsime. Anganga anaitenga, naitembenuza uku ndi uku, n'kukaikulunga m'nsalu yawo ya ku tchalitchi.

Mvula inachedwa, amayinso anachedwa. Poyembekeza tinapitiriza ntchito momwemo, ine pachitsa, iwo pa lamba. Tinapala timbale ta mlombwa ndi ta tsanya, malume n'kutitenga, n'kubwera kudzanena kuti tapita tonse, ogulitsa akufuna tina. Agogo anayambanso kuimba nyimbo zawo za Chilomwe zimene anazisiya chivulalireni.

Anafika mvula yoyamba itagwa dzulo lake, dziko likununkha dothi, ana akuthamangitsa ngumbi. Inali nthawi ya masana, sitima itangodutsa. Ndinaona mayi wina wochepa thupi akubwera m'njira ya kumunda, osati ya kumsewu, atafunda chitenje kumutu ngati wopita ku maliro, mwana ali kumbuyo. Anagwada patali n'kuomba m'manja. Anganga anataya mtsuko umene anali nawo.

Ine ndinapita kukapereka moni monga kwa mlendo aliyense. Ndinagwada, n'kunena kuti, “Muli bwanji?”

“Ndili bwino, kaya iwe, Edina?”

Mawuwo ndi amene ndinawadziwa. Anandikokera pachifuwa, ndipo kamwana kanali kumbuyo kaja, mlongo wanga amene sindinkadziwa kuti alipo, kanandigwira tsitsi.

Tinakhala m'nyumba chitseko chili chotseka. Agogo anandikodola ndi maso, ndipo ndinakatenga mbale ija n'kuipereka ndi manja awiri. Amayi anamasula nsalu. Anakulira pakhomo popala mbale, ndipo ntchitoyo ankaidziwa: anaiyeza kulemera, nayendetsa chala m'kati, n'kuima pa phula paja.

“Phingo wotere mwamupeza kuti masiku ano, bambo? Koma m'katimu si manja anu.”

“Kunjako ndi ine. M'katimo ndi mwana wako.” Agogo anakweza dzanja lawo kuti amayi alione.

Amayi anayang'ana dzanjalo, nayang'ana ine, n'kuweramira m'mbalemo nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Anganga anawalanda mbaleyo mwakachetechete, nathiramo mtedza wokazinga, n'kuiika pakati pathu. “Mbale ndi yodyera,” anatero. Tinadya tonse.

Sakanakhalitsa. Maso a anthu anali ambiri, ndipo mawa lake lomwe anandiuza chimene anadzera. Bambo anali atapeza ntchito ndi nyumba, sukulu inali pafupi, ndipo anabwera kudzanditenga. Zaka zonsezo ndinkalota tsiku limeneli, koma nditamva ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Agogo anali komweko, akunola tchizulo ndi dzanja limodzi, ataipana ndi maondo.

“Sindipita,” ndinatero.

“Chifukwa?”

“Tchizulo agwira ndani?”

“Mwini wake.” Anatambasula dzanja lamanja n'kugwedeza zala, zija ziwiri zikungosuntha pang'ono. “Taona, zikudzuka. Adokotala anati pofika nthawi yokolola ndidzakhala ndikugwira ngati kale.”

“Nanga lamba?”

“Ana a malume ako akula, akungodya za ulere ku Chileka. Mmodzi abwera kudzakhala kuno. Unkayesa wokoka lamba ndiwe wekha m'dziko muno?” Anayesa tchizulo pa chikhadabo. “Ndiponso ine ndinakukwatira osadziwa kuti uli ndi eni ake. Eni ake abwera. Ukwati watha, akazanga, bwererani kwanu.”

Ndinaseka ndikulira, ndipo ndinawakhulupirira. Anali asanandinamizepo.

Agogo anatiperekeza ku siteshoni m'mawa, akukankha njinga, mtolo wanga uli pakaliyala, mbale ili m'kati mwa zovala za mwana. Sitima itaonekera anandigwira pamutu ndi dzanja lovulala lija, nati ndizimvera amayi, ndisamalankhule zambiri m'njira. Sanadikire kuti inyamuke. Anati mbuzi anazisiya zosamanga, zingalowe m'munda mwa anthu. Pawindo ndinaona msana wawo ndi njinga zikulowa m'minda yongobzalidwa kumene.

Sindinawaonenso. Kubwera kunali kovuta, ndipo uthenga wa maliro awo unatipeza atakwiriridwa kale. Ndinabwerera ku Lirangwe zinthu zitasintha m'dziko, ndili mayi wa ana. Anganga ndinawapeza akadali moyo, atapindika msana, maso atachita khungu, koma mutu uli bwinobwino. Kuseri kwa nkhokwe kunali mphanda za maungu. Ndinafunsa kuti makina anapita kuti, ndiponso ndani mwa ana a malume ankakoka lamba.

“Lamba wake uti? Sabata yomwe unachokayo agogo ako anazula nsanamira n'kukonzera khola la mbuzi. Ana a Fulaye anali pa sukulu, nkhani yoti abwere kuno sinakambidwepo.”

“Nanga dzanja silinachire?”

“Likanachira bwanji mtsempha utaduka? Adokotala anawauza tsiku lomwelo losoka lija, ine ndili pomwepo. Anandiletsa kukuuza.” Anafunafuna dzanja langa pa mphasa. “Ndinawafunsa kuti bwanji osamupempha mayi ake amusiyeko mwanayu chaka chimodzi, poti ntchito imayenda. Anati mwana si chipika choti n'kugoneka pansi pa nkhokwe.”

Agogo anakhala zaka zawo zotsalazo akuweta mbuzi ndi kulima ndi dzanja limodzi. Anganga anati nthawi zina ankapita kumunsi kwa Mdeka opanda nkhwangwa, n'kubwera madzulo osanyamula kanthu.

Lero ndimakhala ku Chileka, ndipo nanenso ndine agogo. Mwana wanga wamkazi atapita ku Joni kukafuna ntchito anandisiyira kamtsikana kake, Tadala, kakuyamwa chala. Ndinakalera mpaka kanayamba kunditungira ulusi pa singano, kundiwerengera mawu aang'onoang'ono a pa botolo la mankhwala, kundikumbutsa kumene ndasiya makiyi. Chaka chatha mayi ake anabwera kudzamutenga. Tadala anakakamira mwendo wa bedi langa, akundifunsa kuti, “Nanga inu mutsala ndi ndani?” Ndinamuuza kuti ndili ndi zochita zambiri, za kumunda, za amayi a ku tchalitchi, moti sindidzapeza n'komwe nthawi yomusowa. Zovala zake ndinamulongedzera ndekha, ndikuimba, ndipo mawu sananjenjemere mpaka minibasi inakhota.